Anapiye a Kameta Kuseri kwa Kompyuta

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo musandimvere chisoni chifukwa aphunzitsi nawonso anapuma nditachoka. Koma pa anthu onse a m'mudzi mwathu kuno ku Dambe, woyamba kugwira kompyuta ndi dzanja lake ndinali ine. Woyamba kutsala pang'ono kuiwotcha ndinalinso ine ndemwe.

Zinachitika matipate atakhazikika, titavota kale kawiri, nthawi imene munthu unkatha kunyoza boma pamsika n'kukagona kwanu bwinobwino. Mabungwe anali mbwee, lililonse ndi galimoto yake yoyera. Limodzi mwa mabungwewo, lokumba mijigo, linachita lendi nyumba ina kufupi ndi chipatala chathu chaching'ono n'kuisandutsa ofesi. Ine anandilemba umesenjala: kusesa, kuwiritsa tiyi, kuliza jenereta m'mawa ndi kuizimitsa folo koloko, poti magetsi anali asanatifike.

Bwana wanga anali mayi wina wa ku Blantyre, wamagalasi, wosaseka pachabe. Ine ndinkati amadamu, iwo ankati madala. Ntchito yawo inali ya mapu, kuona pamene pangakumbidwe mjigo madzi n'kupezeka. Kompyuta yawo sinali ngati zolembera makalata zija. M'kati mwa bokosi lake munali chimene ankachitcha khadi la zithunzi, kathabwa kobiriwira kokhala ndi fani yakeyake, yaing'ono ngati pakamwa pa kapu. Khadi limenelo ndilo linkajambula mapiri athu onse pagalasi, zigwa ndi mitsinje yomwe, moti amadamu akagwira mausi phiri lathunthu linkatembenuka ngati kachewere wa pamoto. Likamagwira ntchito linkatentha, fani ija n'kumaliuzira, mpweya wofunda n'kumatulukira kumbuyo kwa bokosi.

Pakona pa galasi panali kawindo ka pulogalamu ina. M'menemo munkaoneka nambala ya kutentha kwa khadilo, ndipo pansi pake panali kamzere kokhala ndi kachogwirira kokoka ndi mausi. Ukakokera kumanja fani inkalira ngati njuchi zoputidwa, nambala n'kumatsika. Ukakokera kumanzere inkangoti phee, nambala n'kumakwera.

Tsiku lina amadamu anandiitana ndili ndi tsache m'manja.

"Madala, manambala mumatha kuwerenga?"

"Mpaka handiredi ndimafika, amadamu. Kupitirira apo ndimabwereka maso."

"Basi zakwana. Ine m'mawa ndizipita kumidzi kukaona mijigo, makinawa ndiziwasiya akujambula. Inu muziyang'ana nambala iyi. Ikadutsa 80 imafiira. Ikafiira, kokerani kumanja. Kwina kulikonse musakhudze, mwamva?"

Ndinamva. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mbusa wa nambala, ndipo kutchalitchi ndinayamba kuvala jekete ngakhale kutenthe.

Tsopano za kunyumba. Chaka chimenecho chitopa chinadutsa m'mudzi mwathu n'kusesa makola. Kwathu zinapulumuka nkhuku ziwiri zokha: tambala wanga wofiira, ndi thadzi la akazi anga la kameta, zija za khosi lopanda nthenga. Thadzi limeneli silinali nkhuku wamba. Mbewu yake inachokera kwa malemu apongozi anga, amayi awo a akazi angawo, amene anaisunga moyo wawo wonse, ndipo pamudzi ponse linatsala lokhalo. Mu Juni linaswa anapiye asanu ndi anayi. Sabata yomweyo unabwera uthenga woti mwana wathu wamkazi wa ku Mwanza wabereka mwana wake woyamba. Akazi anga anamanga katundu, ndipo potuluka anaima pakhomo n'kuloza anapiye aja.

"Ndikakhalako mwezi. Inu idyani chimene mungadye, koma ana awa ndidzawapeze. Nkhuku za amayi zisathere m'manja mwanu."

"Pitani ndi mtima umodzi," ndinatero. "Ine ndimayang'anira kompyuta ya azungu, ndiye ndilephere nkhuku?"

Panapita masiku anayi okha. Lamulungu masana anatulukira achimwene anga aakulu a ku Magaleta, munthu amene chibadwire changa sanandionepo ndikuchita chinthu cholongosoka. Anakhala pampando, anayang'ana denga, anayang'ana nkhokwe.

"Ndiye ukamwini ukuyenda bwanji, mphwanga? Mpandowu amakulola kukhalapo, kapena wangoba mwayi poti eni ake kulibe?"

Mlendo wotere sumudyetsa masamba. Ndinavula jekete n'kuyamba kuthamangitsa tambala wanga. Tambala uja anali atapulumuka chitopa, ndiye sakanafera mesenjala. Tinazungulira nyumba katatu, tinadutsa m'khola la mbuzi, kenako anauluka n'kukalowa m'munda wa tirigu wa aneba. Ndinabwerera wefuwefu, bondo likutuluka magazi.

"Usavutike, mphwanga," anatero achimwene, akutola chipewa chawo. "Ndikudziwa kuti pano ulibe ngakhale nthenga imodzi. Ndipatse madzi akumwa ndizipita."

Inu amene mumaweta nkhuku mukudziwa kuti thadzi la ana silithawa. Limabwera lokha, mapiko tambasu, kudzamenyana nawe. Linabweradi. Ndinaligwira. Nzeru zinandibwerera mpeni utadutsa kale.

Achimwene anadya, anandiyamika koyamba m'moyo wanga, n'kukwera njinga yawo. Ine ndinatsala ndi anapiye asanu ndi anayi a masiku owerengeka, makosi ali pamtunda, akulira mozungulira mapazi anga. Kuzizira kwa ku Dambe mu Juni si nkhani yomuuza munthu wa kuchigwa, angati ukunama. Madzi a mumtsuko amaluma mano, chifunga chimafika mpaka teni koloko. Mwanapiye wopanda make satha tsiku. Kogona sikunavute, ndinkawaika m'katoni ya sopo pafupi ndi phulusa lotentha kukhitchini. Koma masana, ine ndili kuntchito, akanakhala ndi yani? Alamu anga, mng'ono wawo wa akazi anga, nyumba yawo inali pafupi pomwepo, koma kuwasiyira iwo kunali chimodzimodzi kulemba kalata ya ku Mwanza. Choncho Lolemba m'mamawa ndinaboola katoni timabowo, ndinaikamo sanza ndi gaga, ndinaimanga pakaliyala wa njinga yanga, ulendo wa kuofesi.

Ndinawabisa m'chipinda chosungira mapaipi. Mbaula sindikanakoleza, chifukwa momwemo ndi mmene munkakhala petulo wa jenereta. Pofika masana mmodzi anali atauma gwa. Ndinamukwirira kuseri kwa chimbudzi, mawu a akazi anga akundilira m'makutu. Asanu ndi atatu.

Lachiwiri, ndikusesa kuseri kwa tebulo la amadamu, ndinamva kampweya kofunda kakundisisita mwendo. Ndinaima. Ndinaikapo dzanja. Abale, kufunda kwake ngati m'khwapa mwa munthu. Tebulolo linali ndi nsalu yofika pansi, bokosi la kompyuta linkakhala pansi pomwepo, ndipo phokoso la jenereta ndi la fani likanabisa ngakhale mbuzi. Amadamu atangokwera galimoto, ndinakatenga katoni ija, ndinaidula mbali imodzi, n'kuiyandikiza kumbuyo kwa bokosi. Sipanathe mphindi zisanu, kulira konse zii. Anagona, timiyendo tambalale. Masana amadamu anabwera, anagwira ntchito maola atatu mapazi awo ali chapafupi ndi katoni, osadziwa kanthu. Ine tiyi wa tsiku limenelo ndinathira shuga kawiri chifukwa cha mantha, koma anangoti lero mwaphika bwino.

Lachitatu zinayendanso. Lachinayi ndi limene linandigwetsa.

Kunacha ndi chiperoni, mvula yamawawa yosaleka, mphepo ikulowa pansi pa chitseko. Amadamu anavala majuzi awiri n'kupita kukaona mjigo wina. Anapiye anga anaunjikana pakona, wina pamwamba pa mnzake, akulira mosalekeza. Kampweya kaja kanalipo, koma kanachepa mphamvu. Ndinayang'ana pagalasi: 58. Ndinakhala pampando wa amadamu n'kuyamba kuganiza, ndipo mavuto anga onse m'moyo amayamba ndikayamba kuganiza.

Ndinati, kodi fani si mphepo? Nanga munthu ukafuna kuti m'nyumba mufunde, sutseka chitseko kuti mphepo isalowe? Nambala iyi ikakwera ndiye kuti kwatentha, ndipo kutentha ndi kumene ana anga akufuna. Amadamu anati ikafiira ndikokere kumanja, koma sananene kuti kumanzere kuli mkango. Ndinagwira mausi ndi manja awiri, ndinakoka kachogwirira kaja mpaka kumapeto kwa kumanzere.

Fani inangoti phee. Nambala inayamba kukwera: 65, 72, 79. Ine mtima mbee, ndikudziyamikira kuti aphunzitsi aja anataya munthu. Inafiira pa 81. Ndinati ifiire, nawonso moto ndi wofiira. Koma chodabwitsa, pansi pa tebulo kulira kunkangokulirakulira. Ndinasuzumira, ndinaika dzanja kumbuyo kwa bokosi: mpweya palibe. Chitsulo cha bokosi chokha ndicho chinkatentha, chapamwamba, kumene mwanapiye sangafike. Ndinati mwina sikunakwane, tidikire pang'ono.

Pobwerera pagalasi ndinapeza 94, ndipo mapiri athu atagwidwa chikuku. Timadontho tofiirira ndi tobiriwira paliponse, mizere ikudutsa pakati pa mtsinje, mudzi wina utang'ambika pawiri. Kunayamba kumveka kafungo ngati ka lamba wa chigayo. Ndinathamangira mausi kuti ndikokere kumanja, koma kamuvi kake ka pagalasi sikanasunthe. Kenako galasi lonse bii.

Nthawi yomweyo galimoto inaima panja. Msewu unali woterera, amadamu anabwerera panjira.

Analowa akukutumula ambulera, ananunkhiza kamodzi, anathamangira kukhoma n'kuzula chingwe. Anagwira bokosi, anachotsa dzanja msangamsanga.

"Madala, chachitika n'chiyani?"

"Yangogona yokha, amadamu. Mwina ndi nyengoyi, nanenso tulo tikundivuta."

"Nambala inali pa chiyani?"

"Inali... inali bwino ndithu. Yonenepa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndipo popeza fani inali itaima, m'chipindamo munali bata loti sindinalimvepo. M'bata limenelo, pansi pa tebulo, anthu asanu ndi atatu anayamba kuyimba. Amadamu anawerama pang'onopang'ono, anakweza nsalu.

"Izi n'chiyani?"

"Alendo, amadamu."

"Madala!"

Ndinagwada, ine munthu wa imvi, n'kufotokoza zonse: chitopa, malemu apongozi, achimwene ndi chipewa chawo, tambala wa m'tirigu, mpaka nzeru zanga za chitseko. Sanaseke. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mukudziwa kuti khadi limeneli likapsa, lina lichokera kunja kwa dziko? Miyezi ingati imeneyo? Midzi ingati ikhale ikumwa madzi a m'dambo chifukwa cha nkhuku zanu? Tulutsani. Panopa."

Ndinanyamula katoni yanga. Ndinafika pakhonde n'kuima, chifukwa kopita kunalibe. Mvula ija inkangowaza. Kunyumba kunali mtunda wa ola lathunthu pa njinga, moto wosakoleza. Ndinavula jekete n'kufunditsa katoni, koma kamodzi, kakang'ono kuposa onse, kanali katagona chammbali, maso otseka, timiyendo tikungokoka.

Ndinamva amadamu aima kumbuyo kwanga.

"Kameneko kafa?"

"Sikanafe, koma kakuganizira."

"Nanga makosi awo bwanji alibe nthenga? Akudwala?"

"Ndi mtundu wawo, amadamu. Amabadwa atavula kale sikafu."

Anapumira m'mwamba. Kenako anatambasula dzanja, anakatola ndi zala ziwiri ngati akutola chinthu chotentha, chifukwa mayi ameneyu nkhuku ankaidziwira m'mbale basi, n'kukalowetsa m'kati mwa juzi yawo.

"Lowani, mukulowetsa mphepo. Koma makinawa akapanda kudzuka, inu ndi alendo anu ulendo ndi umodzi."

Tinadikira theka la ola kuti bokosi lizizire. Ine ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ena ndinabwereka ku mipingo ina. Amadamu analumikiza chingwe, anadina batani. Fani inakhosomola, inazungulira. Galasi linayera. Mapiri anabwerera, chikuku chitapola. M'juzi ya amadamu munamveka kamawu kamodzi, tswii.

"Bwerani kuno," anatero. "Ikani dzanja kumbuyoku. Musachotse."

Anakokera kumanzere. "Mukumva chiyani?"

"Palibe."

Anakokera pakati. "Pano?"

"Kufunda."

Anakokera kumanja mpaka kumapeto, fani ikulira ngati ndege. "Nanga pano?"

"Mphepo yambiri, koma yofunda pang'ono. Iyi ingawauluze."

"Ndiye mvetsani. Fani sipanga kutentha, sipanganso kuzizira. Imangonyamula. Chimene chimatenthetsa khadi ndi ntchito imene likugwira. Inu munatsekera moto wonse m'bokosi, khadi likupsa m'kati, ana anu akuzizidwa panja. Mukanapha zonse ziwiri."

"Ndiye kuti likamagwira ntchito yambiri, ana afunda kwambiri?"

Anandiyang'ananso pamwamba pa magalasi, koma ulendo uno pakamwa pankagwedera.

"Madala, inu sukulu anakuchotsani kapena munachoka nokha?"

"Tinagwirizana, amadamu."

Masana omwewo anatsegula tsamba lina la pulogalamu ija limene ine ndinali ndisanalionepo. Munali mzere wokwera ngati msewu wa kuphiri, ndipo anaikapo timadontho. Anandifotokozera kuti pa 50 fani iziyenda pang'onopang'ono, pa 70 ifike pakati, ikangoyandikira 80 ithamange ndi mphamvu zake zonse popanda kufunsa munthu. Atatero anatseka ndi mawu achinsinsi, akubisa zala ndi dzanja linalo ngati mwana wa sukulu pamayeso.

"Kuyambira lero fani izidziweta yokha. Inu ubusa wa nambala watha. Mausi musadzaigwirenso."

Anandichotsa pa udindo, koma katoni inabwerera pansi pa tebulo. Anaika malamulo atatu. Pamwamba pa katoni pakhale chidutswa cha neti ya udzudzu, kuti nthenga ndi gaga zisalowe m'makina. Pansi ndizikolopa kawiri pa tsiku. Ndipo Lachisanu lililonse iwo azitsegula bokosi, ine ndizipukuta timapiko ta fani ndi kaburashi, iwo ataimirira pamutu panga.

Mawa lake anabwera ndi choyezera kutentha chimene anabwereka kwa namwino mnzawo wa pachipatala, n'kuchiika m'katoni. Anapiye anachijompha, anachikwera, wina anachichitira chimbudzi. Ndinawauza kuti abweze chisanasweke.

"Amadamu, awa ndi choyezera paokha. Akaunjikana pamodzi n'kumalira, kwazizira. Akathawira kumakona, milomo yasa, mapiko pansi, kwatentha. Akabalalika n'kumadya mwakachetechete, musakhudze kanthu."

Analemba zimenezo pakapepala n'kumata pakhoma, pafupi ndi mapu. Ndikunena pano, mawu anga anakhala pakhoma la ofesi, olembedwa ndi munthu wa ku yunivesite.

Ndiye ntchito inkayenda chonchi. Iwo maso pagalasi, ine ndili chogwada ndi chikolopa.

"Madala, kuno tili pa 62. A kumbuyoko akuti bwanji?"

"Akuti onjezerani phiri."

Amadamu ankatsegula mapu aakulu, kuyambira kuno ku Dambe mpaka kutsikira ku Luwani, n'kulamula kuti dziko lonselo lizitembenuka. Khadi linkatuluka thukuta, nambala n'kukwera kufika 70, fani n'kudzikweza yokha mawu, mpweya wofunda n'kumafika m'katoni. Dzuwa likatuluka masana, anapiye akayamba kuyasama, ndinkati, "Akuti chepetsani, atopa ndi mapiri," iwo n'kubwerera ku mudzi umodzi. Tsiku lina ndinawafunsa ngati kutembenuza mapiri pachabe sikuwononga ntchito. Anati mapuwo ankayenera kujambulidwa ndithu, angosintha ndondomeko: olemera m'mawa kukuzizira, opepuka masana. Mijigo ya dera lino, kuti mudziwe, mapu ake anajambulidwa motsatira maganizo a nkhuku.

Sabata iliyonse tinkasuntha katoni chikhatho chimodzi kutali ndi bokosi, amadamu n'kulemba mzere wa choko pansi. Kaja kanagona m'juzi kanasanduka kolusa kuposa onse, ndipo amadamu ankakabweretsera nyenyeswa za buledi m'thumba, uku akundiuza ine kuti asazolowere. Loweruka ndi Lamulungu, jenereta ikapuma, ndinkakhala nawo kukhitchini kwathu chitseko chotseka. Alamu anga anafunsa kawiri kuti thadzi lija silikuoneka bwanji. Ndinati ndalitsekera m'nyumba kuopa chitopa. Anati, "Eti?" n'kuyang'ana kudzala kumene ndinataya nthenga.

Lamulungu lachiwiri dzuwa linawala bwino, ndinawatulutsa kuseri kwa nyumba kuti aothere. Ndinangotembenuka kuti nditole chikho cha madzi. Kabawi anatsika ngati mwala, anakwera ndi mmodzi. Ndinamutukwana mpaka anthu ochokera kutchalitchi anaima pamsewu. Asanu ndi awiri.

Akazi anga ananena mwezi, koma anabwera patatha masabata atatu. Kunafika apongozi ake a mwana wathu, ndipo amayi awiri khitchini imodzi sinawakwane. Lole ya matola inawatsitsa pachipatala Lachitatu masana, ndipo poti kiyi wa nyumba anali ndi ine, anabwera kuofesi.

Ndinamva "Odi!" ndipo mawuwo ndinawadziwa ndi msana. Amadamu anawalandira, anawapatsa mpando, akazi anga anakana n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, mtolo wawo pambali. Analonjerana mwaulemu wonse: za ulendo, za khanda, za kuzizira. Ine ndinaima kutsogolo kwa tebulo, miyendo tang'a, ndikuyesa kukula kuti ndiphimbe nsalu yonse.

Koma anapiye a masabata atatu ndi theka sakhalanso a m'katoni. Kolusa kaja kanapeza pamene neti inamasuka. Kanatulukira pakati pa miyendo yanga, kanayenda pasimenti mwachifatse ngati kalaliki wa boma, khosi lofiira lili pamtunda, n'kukaima patsogolo pa akazi anga.

Anakayang'ana. Anandiyang'ana.

"Uyu ndikumudziwa," anatero. "Akutani kuntchito?"

Anadzuka, anandikankhira pambali ndi chala chimodzi, anakweza nsalu. Anagwada pamenepo nthawi yaitali. Fani inkangolira.

"Mayi wawo ali kuti?"

"Amayi, nkhani yake ndi yaitali."

"Ifupikitseni."

"Kunabwera achimwene."

Anatseka maso. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankawerenga zaka zimene anataya pa ine. Amadamu anayamba kuyang'ana mapu mwachidwi ngati akuwaona koyamba.

Kenako akazi anga anayamba kutulutsa anapiye mmodzimmodzi. Aliyense ankamutembenuza, kumutambasula phiko, kumugwira chifuwa, kumuyang'ana kalipombo ka pamutu, n'kumuika pachilolo pawo. Atatha anati, osayang'ana munthu:

"Misoti inayi, atambala atatu. Onenepa. Awiri ali kuti?"

"Wina kuzizira, wina kabawi."

"Thadzi lenilenilo likanataya oposa apo." Anaika dzanja kumbuyo kwa bokosi, mpweya uja ukuwawomba m'zala. "Ndiye chawalera ndi chimenechi?"

"Ndi amadamu," ndinatero. "Iwo ndi amene amadziwa kuyendetsa mphepoyo. Ine ndinatsala pang'ono kuwotcha zonse."

"Zimenezo simukanandiuza, ndikanadziwa ndekha."

Apa amadamu analephera kupirira. Anaseka mpaka kuvula magalasi, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo chibwerere iwo ku Dambe. Akazi anga sanaseke. Anasankha msoti umodzi, kolusa kaja, anayenda chogwada mpaka pa mpando wa amadamu n'kuupereka ndi manja awiri.

"Kwathu kuno wolera chiweto cha mnzake sabwerera chimanjamanja. Uyu ndi wanu. Nkhuku za amayi anga sizinalowepo m'tauni, iyi ikayambe."

"Mayi, ine nkhuku ndikaisunga pati? Ndimakhala m'chipinda chimodzi."

"Ikhala kwathu mpaka ikule. Mazira ake azikubweretserani awa. Muziwawerenga pofika."

Amadamu anandilola kuweruka msanga tsiku limenelo. Akazi anga anati ana afunda mokwanira, nthenga zamera, otsalawo ndi ntchito ya khitchini yawo. Anasenza katoni pamutu, ine ndinamanga mtolo wawo panjinga n'kumaikankha pambuyo. Tinadutsa msika, tinadutsa minda ya kachewere, tinatsika mpaka kumtsinje. M'katoni mokha ndi mmene munkamveka nkhani. Ine ndinkangokonza mawu opepesa, ndikawayeza ndikupeza onse ndi aafupi.

Titawoloka anaima, osatembenuka.

"Thadzi lija munaphika bwanji?"

"Ndi tomato ndi anyezi."

"Linakoma?"

Ndinaganiza zonama, koma mabodza anali atandithera.

"Amayi, nkhuku yongochoka kumene pa mazira ilibe mnofu. Linali mafupa okhaokha, lolimba ngati tayala. Achimwene anachoka akutokosa m'mano ndi kamtengo, dzino lina likugwedera."

Katoni inagwedezeka pang'ono pamutu pawo.

"Chabwino," anatero. "Likanakoma, bwenzi mukugona ku Magaleta lero. Fulumirani, mukawaze nkhuni. Anawa afuna moto."